Kukonza Cipinda ca Makompyuta Cophunzitsiramo Cinyanja mwa Kukopera Kompyuta Yam'kati

ZOLINGA

Pakutha pa mutu uno muyenera kukhoza kucita izi:

1. Kufotokoza tanthauzo la kompyuta yam'kati ndi nchito yake m'cipinda cophunzirira.
2. Kukonza kompyuta yam'kati imodzi yoyenera maphunziro a Cinyanja.
3. Kuikopera ku makompyuta onse a m'cipinda popanda kusokoneza netiweki.
4. Kubwezera kompyuta m'cimake pamene ana aisokoneza.

MAU OYAMBA

Mu 1996 boma la Zambia linafalitsa mfundo za maphunziro zochedwa Educating Our Future, zimene zinatsegula njira yakuti ana ayambe kuwerenga ndi kulemba m'cinenero cimene acidziwa. Ndondomeko ya maphunziro ya 2013, imene inayamba kugwira nchito mu 2014, inaika phunziro la Computer Studies m'Giredi 8 ndi 9. Pamene mayeso ake oyamba analembedwa mu 2015, ophunzira a m'masukulu ena anayembekezera kufikira usiku kaamba ka kucepa kwa makompyuta ndi kuzima kwa magetsi. Ndondomeko ya 2023, imene inayamba mu Januwale 2025, inaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira, koma Cinyanja cikali phunziro limene ana a m'zigawo za Lusaka ndi Kum'mawa ayenera kulidziwa bwino.

Motero mphunzitsi wa Cinyanja angathe kupatsidwa makiyi a cipinda ca makompyuta ndi kuuzidwa kuti aphunzitsiremo. Iye akalowa, kawiri-kawiri amapeza kuti makompyutawo ndi osiyana-siyana. Ina iri ndi pulogalamu yolembera, ina iribe, ina ifuna mau acinsinsi amene mwini wake anasamutsidwira ku sukulu ina. Phunziro la mphindi 40 limatha mphunzitsi ali kuyenda-yenda pakati pa madesiki, ana osalembako ngakhale ciganizo cimodzi. Mutu uno ukuonetsani njira yokonzera kompyuta imodzi mosamala ndi kuikopera ku makompyuta onse, kuti mwana ali yense apeze zinthu zofanana pa sikirini yake.

KODI KOMPYUTA YAM'KATI N'CIANI?

Pali mapulogalamu amene amalola kompyuta imodzi kusunga kompyuta inanso m'kati mwake. Kompyuta yaciwiriyi iribe bokosi lake kapena waya wake. Iyo ndi mafayilo cabe amene ali pa disiki, koma mukaiyatsa imaoneka pa sikirini ndi kugwira nchito monga kompyuta yathunthu, yokhala ndi mapulogalamu ake ndi mafayilo ake. Pa Cingerezi imachedwa virtual machine, ndipo m'mutu uno tidzaicha kompyuta yam'kati. Kompyuta yeniyeni, imene mungathe kuikhudza ndi manja, tidzaicha mwininyumba, ndipo yam'kati ndiyo mlendo wake. Mlendo amabwereka kiyibodi, mausi, sikirini ndi gawo la memori ya mwininyumba, koma zimene acita m'cipinda cake sizikhudza nyumba yonse.

Luso limeneli si latsopano, pakuti kampani ya IBM inayamba kuligwiritsa nchito pa makompyuta ake akulu-akulu m'zaka za m'ma 1960. Pulogalamu imene tidzagwiritsa nchito ndi VirtualBox. Inapangidwa ndi kampani ya ku Germany yochedwa Innotek, inaperekedwa kwa anthu onse kwaulere mu 2007, inagulidwa ndi Sun Microsystems mu 2008, ndipo kuyambira mu 2010 iri m'manja mwa Oracle. Imagwira nchito pa makompyuta a Windows ndi a Linux omwe.

Popeza kompyuta yam'kati ndi mafayilo, ingathe kukoperedwa monga fayilo iri yonse. Imene tiikonza poyamba tidzaicha kholo, ndipo zotuluka mwa iyo tidzazicha makope.

PHUNZIRO LA SITENSULO

Aphunzitsi akale anali kulemba mayeso pa sitensulo ndi kusindikiza mapepala pa makina a Gestetner. Iwo anadziwa kuti cilembo cimodzi colakwika pa sitensulo cidzatuluka pa pepala la mwana ali yense, ndipo anali kuwerenga sitensuloyo kawiri kapena katatu asanaiike pa makina. Mfundo yomweyo ndiyo igwira mutu wonse uno. Kope limatenga zonse za kholo lake: mapulogalamu abwino, mau olembedwa molakwika, mavairasi, mau acinsinsi a mphunzitsi, ngakhale dzina lenileni la kholo. Akulu anati make mbuu, mwana mbuu. Cotero nthawi yanu yaikulu iyenera kuthera pa kukonza ndi kuyesa kholo, pakuti kukopera kokha ndi nchito yaifupi.

CITSANZO CATHU

Tiyerekeze kuti mwatumizidwa kukayeseza uphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale ku Kaunda Square Stage II, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, kufupi ndi Munali ndi Chelstone. Sukuluyo iri ndi makompyuta 20 amene inalandira kucokera kwa anthu osiyana-siyana, ndipo kalasi lanu la Giredi 4 liri ndi ana 60. Ngati kukonza kompyuta imodzi payokha kutenga maola 3, makompyuta onse adzafuna maola 60. Mphunzitsi amene ali ndi maola 2 okha madzulo ali onse adzatha masiku 30 a sukulu, ndiko kuti masabata 6, ndipo pomafika pa kompyuta yotsiriza ana adzakhala atasokoneza yoyamba. Koma ngati mutha maola 5 pa kholo, ndi mphindi 45 pa kompyuta iri yonse poikamo VirtualBox ndi kope lake, nchito yonse idzatenga maola 20, ndiwo masabata 2.

Musanayambe, pemphani cilolezo kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa mphunzitsi woyang'anira cipindaco. Kenaka yenderani makompyuta onse ndi kulemba m'kabuku zinthu izi:

1. Kukula kwa memori, imene imachedwa RAM. Mwininyumba wa 8 GB adzasunga mlendo bwino. Wa 4 GB adzakhoza ngati mlendo ndi wopepuka. Wa 2 GB msiyeni, pakuti adzacedwa kwambiri ndi kutopetsa ana.
2. Malo otsala pa disiki. Pafunika malo osacepera 30 GB.
3. Ngati kompyuta iri ndi mphamvu yochedwa VT-x pa makina a Intel, kapena AMD-V pa makina a AMD. Kuyambira pa VirtualBox 6.1, mlendo sayaka popanda mphamvuyi. Pa makompyuta ambiri iripo koma ndi yotsekedwa, ndipo imatsegulidwa mu BIOS pamene kompyuta iri kuyaka.

Kholo lanu liyenera kupimidwa molingana ndi kompyuta yofooka koposa mwa zimene mwasankha. Mukalipatsa memori yaikulu cifukwa cakuti mwalikonzera pa kompyuta yamphamvu ya mu ofesi, makope ake adzakana kuyaka m'cipinda ca ana. Lamulo labwino ndi lakuti mlendo asatenge memori yoposa theka la memori ya mwininyumba.

KUKONZA KHOLO

Coyamba ndico kusankha dongosolo loyendetsa mlendo. Windows iri ndi lamulo lakuti kope liri lonse likhale ndi laisensi yake-yake, kotero kukopera Windows imodzi ku makompyuta 20 popanda malaisensi ndi kuphwanya pangano. Ndiponso Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Cifukwa ca ici tikulangizani kugwiritsa nchito Lubuntu, mtundu wopepuka wa Ubuntu. Ubuntu inayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lake ndi liu lomwe lija limene ife timati umunthu. Eni ake amalola munthu ali yense kuikopera ndi kugawira anzace mwaulere.

Tsegulani VirtualBox, dinani New, ndi kucha kompyuta yatsopanoyo dzina lakuti Kholo. Ipatseni memori ya 2 GB ndi disiki ya 25 GB, ndipo ikanimo Lubuntu. Pangani maakaunti awiri. Yoyamba ndi ya mphunzitsi, yokhala ndi mphamvu yosintha zinthu. Yaciwiri ndi ya ophunzira, yopanda mphamvu imeneyo. Kenaka ikanimo Guest Additions, pulogalamu imene imathandiza mlendo kudzaza sikirini yonse ndi kugawana mafayilo ndi mwininyumba.

Tsopano mwafika pa nchito imene katswiri wa makompyuta sangakucitireni, pakuti ifuna munthu wodziwa kaphunzitsidwe ka cinenero. Lowani mu akaunti ya ophunzira ndi kukonza izi:

1. Pulogalamu yolembera. LibreOffice Writer imayesa mau ndi dikishonale ya Cingerezi, motero imajambula mzere wofiira pansi pa mau a Cinyanja pafupi-fupi onse. Mwana amene walemba bwino liu lakuti cimanga, akaona mzere wofiira amaganiza kuti walakwa. Pitani pa Tools ndi kuzimitsa Automatic Spell Checking.

2. Kudzikonzera kwa pulogalamu. Writer imaika yokha cilembo cacikulu poyamba pa ciganizo. Ikatero, simudzadziwa ngati mwana wamvetsa lamulolo kapena makina amcitira. Pitani pa Tools, kenaka AutoCorrect, ndi kucotsa cizindikiro pa While Typing.

3. Maonekedwe a zilembo. Zilembo a ndi g za m'mabuku osindikizidwa zimasiyana ndi zimene mwana amaphunzira kulemba ndi pensulo. Bungwe la SIL linapanga mtundu wa zilembo wochedwa Andika kaamba ka ongoyamba kuwerenga, ndipo a ndi g zake zimafanana ndi za pa bolodi. Ikani Andika ndi kuisankha kukhala zilembo zoyambira, pa ukulu wa 16.

4. Nkhodolero. Cinyanja cimagwiritsa nchito nkhodolero kwambiri, monga m'mau akuti ng'ombe, m'nyumba ndi kuyang'ana. Lembani mau amenewa ndi kuona ngati batani lake litulutsa cizindikiro coyenera. Likatulutsa cina, ndiye kuti mtundu wa kiyibodi umene munasankha poika Lubuntu sugwirizana ndi makiyibodi a m'cipinda.

5. Zowerenga. Pangani foda yochedwa Nkhani ndi kuikamo timabuku ta Cinyanja. African Storybook, imene bungwe la Saide la ku South Africa limaiyendetsa, iri ndi nkhani za ana m'zinenero zambiri za mu Africa pamodzi ndi Cinyanja, ndipo zimaloledwa kukoperedwa. Werengani nkhani iri yonse musanaiike. Zolembedwa ku Malawi zimatsata kalembedwe ka kumeneko, kamene kamalemba chimanga ndi ntchito pamene kalembedwe kathu, kovomerezedwa ndi Unduna wa Maphunziro mu 1977, kamalemba cimanga ndi nchito. Mukaika nkhani yotere, konzekerani kufotokozera ana kusiyanako.

6. Masewera ophunzitsa. GCompris, yopangidwira ana a zaka 2 kufikira 10, iri ndi masewera ozoloweretsa dzanja ku mausi ndi kiyibodi.

7. Nchito za m'kalasi. Pangani foda yochedwa Maphunziro ndi kulembamo nchito za temu yonse, fayilo imodzi pa phunziro liri lonse.

ZOCITA 1

M'magulu a anthu atatu, lembani mndandanda wa zinthu zimene mungaike m'kholo la Giredi 2 ndi zimene mungaike m'kholo la Giredi 5. Fotokozani cifukwa cake mindandanda iwiriyo yasiyana.

KUYESA NDI KUYERETSA KHOLO

Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kholo lingaoneke labwino pa maso a amene walikonza pamene liri ndi zolakwa zobisika. Pemphani mphunzitsi mnzanu wa Cinyanja awerenge mafayilo onse a mu foda ya Maphunziro, liu ndi liu. Kenaka itanani ana awiri kapena atatu a m'kalasi lanu, akhale pa kompyutayo ndi kucita phunziro loyamba inu muli cete. Pamene iwo aima ndi kukuyang'anani, pamenepo ndiye pali cofunika kukonza.

Mukakhutira, yeretsani kholo. Ngati munatsegula imelo yanu, Facebook kapena WhatsApp m'kati mwake, tulukanimo ndi kufafaniza mbiri yonse ya pa intaneti pamodzi ndi mau acinsinsi osungidwa. Mukaiwala, makalata anu adzatseguka pa makompyuta 20. Musasiyemo maina a ana, zithunzi zao kapena zotsatira za mayeso ao. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limateteza nkhani za munthu payekha, ndipo za ana zifuna cisamaliro coposa. Potsiriza khuthulani foda ya zinyalala ndi kuzimitsa kholo mwa njira yake ya Shut Down.

Kuyambira apa kholo lisagwiritsidwenso nchito pophunzitsa. Lisungeni monga mlimi asungira cimanga ca mbeu padera ndi ca m'nkhokwe.

KUKOPERA PA KOMPYUTA IMODZI

Nthawi zina mudzafuna makope awiri kapena atatu pa mwininyumba mmodzi, mwacitsanzo la Giredi 3 ndi la Giredi 4. Dinani dzina la Kholo ndi batani la kumanja la mausi ndi kusankha Clone. Lembani dzina la kope. Pa mzere wa MAC Address Policy sankhani Generate new MAC addresses for all network adapters. Kenaka VirtualBox idzakufunsani mtundu wa kope.

Full clone ndi kope lathunthu. Limatenga disiki yonse ya kholo ndi kuima palokha, kotero kuti ngakhale kholo litafafanizidwa ilo lidzagwirabe nchito. Limafuna malo ofanana ndi a kholo ndipo limatenga nthawi kupangidwa.

Linked clone ndi kope lodalira. Limasunga zokhazo zimene zasintha, ndipo zina zonse limaziwerenga kwa kholo. Limapangidwa m'kanthawi kocepa ndi kudya malo ocepa, koma silingasamutsidwe lokha kupita ku kompyuta ina, ndipo mafayilo a kholo akaonongeka makope onse odalira amafa nalo. Kwa mphunzitsi woyamba kumene, kope lathunthu ndilo lopanda ngozi.

Musayese kukopera foda ya kholo ndi Copy ndi Paste pa kompyuta yomweyo. Disiki iri yonse ya kompyuta yam'kati iri ndi nambala yake yochedwa UUID, ndipo VirtualBox ikapeza madisiki awiri a nambala imodzi imakana kutsegula yaciwiri. Lamulo la Clone limapatsa kope nambala yatsopano.

KUKOPERA KU MAKOMPYUTA ENA

M'citsanzo cathu ca Kaunda Square tifuna kope limodzi pa kompyuta iri yonse mwa 20. Tsatirani njira iyi:

1. Pa kompyuta imene iri ndi kholo, pitani pa File ndi kusankha Export Appliance. Sankhani Kholo. VirtualBox idzamanga zonse m'fayilo imodzi imene dzina lake lithera ndi .ova.
2. Koperani fayiloyo pa fulashi ya 32 GB. Fulashi yokonzedwa mwa mtundu wa FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB, ndipo fayilo ya kholo kawiri-kawiri imaposa pamenepo. Ikonzeni mwa mtundu wa exFAT kapena NTFS. Ikaninso pa fulashiyo fayilo yoikira VirtualBox, kuti musadalire intaneti.
3. Fulashi yoyenda pa makompyuta ambiri imanyamula mavairasi monga nchenche. Gwiritsani nchito fulashi imene siicita nchito ina, ndi kuipima ndi pulogalamu yoteteza musanayambe ndiponso mutatsiriza.
4. Pa kompyuta yoyamba ikani VirtualBox, pitani pa File ndi kusankha Import Appliance. Sonyezani fayilo ya .ova, sinthani dzina likhale Kompyuta01, ndi kusankhanso Generate new MAC addresses for all network adapters.
5. Yatsani kopelo ndi kuliyesa mokwanira. Musapite pa kompyuta yaciwiri kufikira mutatsimikiza kuti loyamba liri bwino. Mukapeza colakwa, bwererani kwa kholo, konzani komweko ndi kupanganso fayilo ya .ova.
6. Pitirizani ndi makompyuta otsala, ndi kumata kapepala ka nambala pa bokosi la kompyuta iri yonse.

Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku mu Lusaka. Magetsi akazima fayilo iri pakati pa kukoperedwa, kopelo limakhala lopunduka ngakhale dzina lake lioneke pa mndandanda. Lifafanizeni ndi kuyambanso. Funsani za nthawi zimene magetsi amazima m'dera lanu ndi kukonza nchito yanu molingana nazo.

KOPE LIRI LONSE LIKHALE NDI DZINA LAKE

Ana awiri a dzina limodzi m'kalasi amavutitsa mphunzitsi poitana maina. Pa netiweki kompyuta imadziwika ndi nambala ya zilembo 12 yochedwa MAC address, ndipo za VirtualBox zimayamba ndi 08:00:27. Ngati mlendo alumikizidwa mwa njira ya NAT, imene VirtualBox imasankha yokha, kufanana kwa nambala sikuvuta, pakuti mlendoyo amabisala kumbuyo kwa mwininyumba. Koma mukasankha Bridged Adapter kuti makompyuta aonane pa netiweki ya sukulu, makope a nambala imodzi adzalimbirana uthenga ndipo intaneti idzakhala yoduka-duka. N'cifukwa cake tinasankha kupanga nambala zatsopano pokopera.

Dzina la m'kati nalonso liyenera kusintha, pakuti kope liri lonse limabadwa ndi dzina la kholo. Lowani mu akaunti ya mphunzitsi, tsegulani Terminal ndi kulemba lamulo ili:

sudo hostnamectl set-hostname kompyuta07

Pa kompyuta iri yonse lembani nambala imene iri pa kapepala ka pa bokosi lake.

POBWERERA NDI KUSUNGA NCHITO ZA ANA

Mwana amaphunzira kompyuta mwa kuigwira ndi kulakwitsa. Mphunzitsi amene aopa kuti makina adzaonongeka amatha phunziro lonse ali kukalipa, ndipo ana amapinda manja. VirtualBox iri ndi mankhwala a vuto limeneli, ochedwa snapshot, amene ife tidzawacha pobwerera. Kope likakonzeka ndi kupatsidwa dzina, lizimitseni, pitani pa Snapshots, dinani Take ndi kulemba dzina lakuti Poyambira. Fayilo ya .ova sinyamula pobwerera pa kholo, motero muyenera kucita zimenezi pa kope liri lonse. Tsiku limene mwana adzafafaniza foda ya Nkhani, kapena magetsi adzazima kope liri kugwira nchito, zimitsani kopelo ndi kudina Restore. M'mphindi zocepa lidzabwerera monga linaliri pa tsiku loyamba.

Cenjerani ndi cinthu cimodzi. Restore imafafaniza zonse zimene zinalembedwa m'kati mwa mlendo kucokera pa tsiku la pobwerera, pamodzi ndi zimangirizo za ana. Cifukwa ca ici pangani foda yochedwa Zolemba pa mwininyumba, ndi kuilumikiza kwa mlendo kupyolera pa Settings ndi Shared Folders. Pa Lubuntu akaunti ya ophunzira iyenera kuikidwa m'gulu la vboxsf kuti ithe kulembamo. Citani izi musanapange pobwerera. Zosungidwa mu foda imeneyi ziri m'manja mwa mwininyumba ndipo Restore sizikhudza. Phunzitsani ana kuyambira pa tsiku loyamba kuti nchito yao isungidwe m'menemo.

PHUNZIRO LA CITSANZO

Kalasi: Giredi 4. Ana: 60, atatu pa kompyuta iri yonse. Nthawi: mphindi 40. Mutu: Zilembo zazikulu ndi zizindikiro za m'kalembedwe.

Ciyambi, mphindi 5. Kumbutsani ana nchito ya mpumiro, mpatuliro ndi mfunsiro pa bolodi. Gawani maudindo m'gulu liri lonse: wina alemba, wina awerenga mokweza, wina ayang'anira zolakwa. Adzasinthana pa mphindi 10 ziri zonse.

Gawo loyamba, mphindi 15. Ana atsegule fayilo ya Phunziro 1, m'mene muli mau awa: amai anapita ku msika wa kaunda square kukagula ndiwo anapeza nsomba tomato ndi cibwabwa kodi iwe ukadagula ciani. Aike zilembo zazikulu ndi zizindikiro pamalo pake. Popeza munazimitsa AutoCorrect m'kholo, cilembo cacikulu ciri conse cimene mudzaona ndi ca mwana.

Gawo laciwiri, mphindi 15. Ana ambiri a ku Kaunda Square amalankhula Cinyanja ca m'tauni, cosakanizika ndi Cibemba ndi Cingerezi. M'fayilomo muli ziganizo za kalankhulidwe kotere, monga nifuna vakudya manje, ndipo ana azilembe m'Cinyanja ca m'mabuku: Ndifuna zakudya tsopano. Musanyoze kalankhulidwe ka kwao. Auzeni kuti ka pa bwalo kali ndi malo ake, ndipo ka m'mabuku ndi kamene kafunika pa mayeso ndi m'makalata.

Mathero, mphindi 5. Gulu liri lonse lisunge nchito yake mu foda ya Zolemba. Magulu awiri awerenge zimene alemba, ndipo kalasi ligamule ngati zizindikiro ziri pamalo pake.

ZOCITA 2

Pangani kholo pa kompyuta ya pa koleji ndi kulembamo dala liu limodzi lolakwika m'fayilo ya Phunziro 1. Pangani makope atatu athunthu. Werengani nthawi imene mutenga kukonza liulo m'makope onse, ndi kuilinganiza ndi nthawi imene mukadatenga polikonza m'kholo musanakopere. Kambiranani zimene zikadacitika ndi makope 20.

CIDULE

Kompyuta yam'kati ndi mafayilo amene amagwira nchito monga kompyuta yathunthu, motero ingathe kukoperedwa. Kope limatenga zabwino ndi zoipa zonse za kholo, ndipo cifukwa ca ici kholo liyenera kukonzedwa ndi mphunzitsi wodziwa cinenero, kuyesedwa ndi ana ndi kuyeretsedwa lisanakoperedwe. Kope liri lonse lifuna dzina lake, nambala yake ya pa netiweki ndi pobwerera pake. Nchito za ana zisungidwe kwa mwininyumba. Pakutha pa temu konzani kholo molingana ndi zimene mwaphunzira m'kalasi, ndipo mukamacoka pa sukulupo siyani fayilo ya .ova, mau acinsinsi a akaunti ya mphunzitsi ndi kabuku ka malangizo kwa mphunzitsi woyang'anira cipinda.

MAFUNSO OBWEREZA

1. Fotokozani kusiyana kwa mwininyumba ndi mlendo.
2. Kodi n'cifukwa ciani kholo liyenera kupimidwa molingana ndi kompyuta yofooka koposa?
3. Chulani zinthu zitatu zimene mphunzitsi wa Cinyanja ayenera kusintha mu LibreOffice Writer, ndi kupereka cifukwa ca ciri conse.
4. Kodi kope lathunthu lisiyana bwanji ndi kope lodalira? Ndi liti limene mungasankhe ngati disiki ya mwininyumba iri ndi malo ocepa, ndipo ngozi yake ndi yotani?
5. Mphunzitsi wina wakopera kholo ku makompyuta 20 ndi kuwalumikiza mwa Bridged Adapter, koma intaneti iri kuduka-duka. Kodi anaiwala ciani?
6. Mwana walemba cimangirizo cake ndi kucisunga m'kati mwa mlendo. M'mawa mwake mphunzitsi wadina Restore. Kodi cacitika n'ciani kwa cimangirizoco, ndipo mukadamthandiza bwanji?
7. Konzani phunziro la mphindi 40 la Giredi 5 pa mutu wa kulemba kalata ya kwa bwenzi, ndi kusonyeza mafayilo amene ayenera kuikidwa m'kholo phunzirolo lisanafike.